Chifukwa Chake Ndimapemphera Osatsinzina

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumandisuzumira podalitsa chakudya, ndikudziwa kuti mumandiseka. Mumati agogo amapemphera maso ali m'mbale, kuopa kuti wina angatole nthuli yaikulu. Sindikana kuti nyama ndimaiyang'anira, chifukwa ndimakudziwani. Koma chimene ndinasiyira kutsinzina ndi china, ndipo popeza ndinapuma ntchito, Lolemba ndimadzuka nthawi imene ndafuna, ndati ndikulembereni. Ndilemba m'Chichewa chimene atate anga anabwera nacho kuchokera ku Ntcheu, koma anthu ndiwayankhulitsa monga ankayankhulira kuno ku Lusaka, chifukwa ndikawaveka Chichewa cha m'buku simungawazindikire.

Matero, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Ntchito yanga yoyamba, imenenso ndinapuma nayo, inali ya pa windo la makadi m'makiliniki ang'onoang'ono a m'makomboni. Maina a makilinikiwo ndiwasiya. Wodwala aliyense ankayambira pa ine. Ndinkamufunsa dzina, n'kufufuza khadi lake m'mashelefu, n'kumupatsa nambala yoonera dokotala. Sindinali nesi, jekeseni sindinagwirepo, koma poti nkhope yoyamba inali yanga, mkwiyo wonse unkathera pa ine. Mankhwala akatha, wolakwa ndine. Dokotala akachedwa, wolakwa ndine.

Masiku ena zinali zopiririka, koma Lolemba ayi. Loweruka ndi Lamlungu kiliniki inkakhala yotseka, ndiye matenda onse a masiku awiriwo ankasungidwa m'nyumba n'kudzatitulira Lolemba m'mawa. Kunkabwera ana otsegula m'mimba, azibambo omenyedwa ku mowa, ndi ena athanzi lawo ofuna kapepala kokanamizira abwana kuntchito. Mzere unkatuluka pa geti mpaka kukafika kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu. Ine matenda anga ankayamba Lamlungu masana. Tikangochoka ku tchalitchi, m'mimba munkayamba kupota, chakudya osalowa. Atate anu ankandiseka kuti, "Bena Mande ibwela mailo, bati iwe yafika kudala," kutanthauza kuti kwa ena Lolemba ndi mawa, koma kwa ine lafika kale. Iwo anali omanga nyumba, ntchito yawo ya lero ilipo mawa palibe, choncho malipiro anga ndiwo ankatigwira. Dalitso anali wa kumsana. Kusiya ntchito kunali kuitana njala, koma ndinkalota zosiya sabata iliyonse.

Mwezi wachitatu, bambo wina amene khadi lake linasowa anandilalatira pamaso pa mzere wonse. Anafunsa ngati ndinapitako kusukulu, kapena ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha nkhope. Anthu anaseka. Ndinatseka windo, n'kulowa kuseri kwa mashelefu, n'kulemba kalata yosiya ntchito misozi ili chuchuchu. Anandipeza kumeneko ndi ba Nyendwa, mayi wokolopa, wamfupi, wa pakamwa posachedwa, amene ngakhale madokotala ankamuopa akaponda ponyowa.

"Ulila chani, iwe?" anandifunsa.

"Nifuna kuleka nchito, ba Nyendwa. Bantu aba banitukwana monga ndine ninabadwalisa."

"Uleke, mwana azadya chani? Vuto yako ubwela pa Mande monga ubwela ku nkhondo. Ine nikagwila mopu kuseni nikamba na Mulungu. Sinikamba vambili. Nimuuza chabe ati, Tate, lelo kuzabwela muntu wamene azanitukwana. Kwamene ali, mumudalise, ndaba naye sanagone bwino."

"Mupempelela muntu wamene akalibe kufika?"

"Eee. Manje akafika na kamwa yake, nimuziba. Nikamba mumtima ati, oho, ndiwe, wachedwa."

Ndinaseka misozi isanaume. Lolemba lotsatira ndinalawirira, ndipo tinapemphera awiri m'kachipinda ka makadi. Ine ndinagwada n'kutsinzina monga anandiphunzitsira ku Sande sukulu, ndikumva mopu ya ba Nyendwa ikuzungulira mawondo anga, eni ake akung'ung'udza mawu awo. Sizinathe mphindi zisanu. Cha m'ma naini anafika wanga wa tsikulo, mayi wonenepa wa chikwama chachikulu, n'kuyamba kundiwerengera zolakwa za boma lonse. Mumtima ndinati, ndinu, mwachedwa. Ndinamwetulira osafuna, mayiyo n'kusokonezeka, mawu n'kumuthera. Mzere sunafupike, makadi sanasiye kusowa, koma madzulo amenewo ndinadya. Kalata ija ndinaipinda n'kuiika m'Baibulo, ndipo ikadali momwemo.

Kanyama, ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi

Atandisamutsira ku Kanyama, ba Nyendwa ndinawasiya ku Matero koma pemphero ndinanyamula. Mukudziwa nokha mmene Kanyama amakhalira nthawi ya dzinja. Tinkapita kuntchito titavala magambutsi, nsapato zili m'pulasitiki, tikudumpha pa njerwa zimene anthu anandandalika m'madzi. Chaka china madzi analowa m'chipinda changa n'kunyowetsa shelefu yapansi, maina onse oyamba ndi Z n'kusanduka phala. A Zulu ndi a Zimba a Kanyama yense anayamba moyo watsopano opanda mbiri ya matenda. Makadi atsopano sanabwere kwa miyezi, ndiye tinkauza odwala kugula kope la sukulu, n'kulidula pakati kuti anthu awiri agawane. Abwana athu kumeneko anali ba Mwanza, munthu wofatsa, amene yankho lake pa vuto lililonse linali lakuti, "Tizaona pa Mande." Lolemba likafika ankati tidzaona Lolemba linalo.

Kumeneko n'kumene pemphero linatulukira panja. Tsiku lina ndikupemphera ndekha windo lisanatseguke, gogo wina amene anali woyamba pamzere anagogoda n'kunena kuti, "Mwana wanga, namvela ukamba na Mulungu. Tiikeko naise." Ndinatuluka, n'kuima pa sitepe, n'kupemphera mwachidule. Ndinapempherera odwala, madokotala, ndi amene adzakwiye tsikulo. Pa mawu omalizawo anthu anaseka, ndipo tsiku lonse aliyense ankachita manyazi kukhala woyamba kukwiya. Chinakhala chizolowezi. Anthu anandipatsa dzina loti Mai Mande, ndipo pamsika ankandiwonjezera tomato. Ndisakunamizeni, dzinalo linkandikoma kwambiri.

Chawama, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi

Ku Chawama mbiri inandifikira patsogolo. Mlonda wa pa geti anali ba Sakala, mkulu wa mpingo wathu womwe uja, amene anabatizitsa nawo mwana wanga Chikondi, munthu wamtali wa mawu omveka mpaka ku siteshoni ya mabasi. Anandilandira ndi manja awiri n'kunena kuti tigwirira limodzi ntchito ya Ambuye. Poyamba anangowonjezera nyimbo imodzi ya kolasi. Kenako panabwera kuwerenga mawu, kenako kuwamasulira pang'ono, kenako maumboni. Pomatha zaka ziwiri, pemphero la mphindi zisanu linali litakula n'kumatha pafupifupi ola. Ena ankabwera Lolemba osadwala n'komwe. Ba Sakala anali ndi lamulo limodzi limene sankalola kuti liphwanyidwe. Asanayambe pemphero lalikulu ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Bonse valani menso. Wamene ayangana alibe chikulupililo." Anthu ankatsinzina mpaka nkhope kuchita makwinya.

Kenako tinalandira abwana atsopano, ba Sista Mulenga, nesi wamkulu woonda, wa kawotchi kolendewera pachifuwa. Sabata yachiwiri anandiitana. "Bamake Dalitso," anatero, "naine nipempela. Bati windo ifunika kuseguka pa eiti. Bantu aba babwela kuchipatala." Ndinavomera ndi pakamwa, mumtima ndikuti mayi uyu zauzimu zinamupita patali. Lolemba lotsatira, popempherera munthu wodzandivutitsa, nkhope imene inabwera m'maganizo inali yawo. Windo linapitiriza kutseguka mochedwa.

Linali Lolemba la mu Okutobala, kukutentha kuyambira m'mawa. Anthu anadzaza mabenchi onse mpaka ena kuima padzuwa. Ba Sakala anali pakati pa pemphero, thukuta lili kamukamu, ine nditaima pa sitepe pambali pawo. Ndinatsegula diso limodzi. Ndikanakonda kukuuzani kuti Mzimu ndiye anandigwedeza, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna kuona kuchuluka kwa anthu amene abwera ku pemphero la Mai Mande. Ndikuyendetsa diso choncho, ndinaona mtsikana wina kumapeto kwa benchi yomaliza, mwana ali kumsana. Mutu wa mwanayo unali utagwera chagada, maso atatembenuka kutsala oyera okha, kadzanja kakugwedezeka kokha. Mayi ake anali atatsinzina zolimba, akumugwedeza pang'onopang'ono monga timachitira mwana akamavuta m'tchalitchi. Anthu oposa khumi anali atamuzungulira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaona.

Ndinadumpha pa sitepe n'kuyamba kukankha anthu. Ba Sakala atamva phokoso anayesa Mzimu wandigwira, n'kukweza mawu kuposa kale. Ndinamasula chitenje, n'kunyamula mwanayo, thupi lake likuotcha ngati mbaula, n'kuthamangira kwa ba Sista. Iwo anamugoneka chammbali, n'kuitana dokotala, n'kutitulutsa tonse. Ndinakhala pansi m'khonde limodzi ndi mayi ake, tikumva amen wa ba Sakala akubwera chapatali. Mtsikanayo anatembenukira kwa ine. "Nenze namvela agwedezeka," anatero, "bati benze bakamba ati tisasegule menso. Ninayopa ati Mulungu azakalipa, mwana sazapola." Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo kwina kulikonse. Patapita nthawi imene sindingaiyeze, tinamva kulira kwa mwana m'katimo, ndipo mtsikanayo anandigwira mwendo n'kuyamba kundithokoza. Kuthokozako kunandipweteka kuposa kutukwana kwa bambo wa ku Matero uja.

Anali malungo aakulu, ndipo mwanayo anatumizidwa kuchipatala chachikulu komwe anachira. Madzulo ba Sista anandiitana. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Mwana uyu anangena pa geti kuma sikisi," anatero. "Ninafunsa. Windo sembe inaseguka pa ntawi, sembe tinamuona akalibe kuyamba kugwedezeka."

"Nalakwa, ba Sista."

"Sinizalemba lipoti. Na Mulungu siningalimbane naye. Imwe ndimwe munayamba ivi, imwe ndimwe muzaziba vochita. Pa Mande nizayangana chabe."

Sabata imeneyo m'mimba muja munabwerera, ndipo sanadikire Lamlungu. Ndinali pakati pa zinthu ziwiri. Kupitiriza monga kale sindikanatha, chifukwa ndikangotsinzina ndinkaona maso oyera aja. Koma kuthetsa pemphero kunali kuchotsa chinthu chimene chinandisunga pantchito zaka makumi awiri, ndipo ndinkaopa kuti ndibwerera kukhala kamtsikana kolira kuseri kwa mashelefu. Ndinkaopanso ba Sakala. Iwo ankauza aliyense kuti mwanayo wapulumuka chifukwa cha mphamvu ya pemphero lawo, ndipo ankakonza zoti Lolemba kukhale umboni waukulu. Kuwatsutsa kunali kutsutsa mkulu wa mpingo wanga, ndipo ndinkadziwa zimene azimayi a chigwirizano adzanene, kuti amake Dalitso athamangitsa Mulungu pa kiliniki.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku komboni ya George, kumene ba Nyendwa ankakhala kwa mwana wawo atapuma ntchito. Ndinawapeza akusankha tinsomba ta kapenta pakhonde, mano atatsala owerengeka koma pakamwa pali pomwe paja. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana ngati ndaponda ponyowa.

"Ola yonse? Mwenze kumuuza chani Mulungu, vamene saziba?"

"Vinakula veka, ba Nyendwa."

"Nanga ivi vovala menso, ninakupunzisa ndine?"

"Tenze kupempela pamozi ku Matero."

"Iwe wenze kuvala menso, ine nenze kukolopa. Unaonapo muntu akolopa na menso yovala? Sembe ninagwa mu baketi."

Zaka zonse zija ndinkamva mopu ikuzungulira mawondo anga, osaganizapo kuti mwini wake akupemphera akuona pamene pali dothi. Anandipatsa kapenta wa m'pepala n'kundiuza kuti ndizipita, basi ingandisiye.

Lolemba ndinafika sikisi isanakwane n'kupita molunjika pa geti. Ndinawapatsa moni ba Sakala mwaulemu n'kuwauza kuti kuyambira tsikulo sipakhala kolasi, ulaliki kapena maumboni, ndipo windo litseguka pa nthawi yake.

"Mwagulisa Ambuye na kawochi ka ba Sista," anatero.

"Awe, ba Sakala. Tizapempela, bati tizayangana. Mwana uja sembe anafela pakati pa ise, tonse tili na amen mukamwa."

"Mulungu ndiye anamuona."

"Eee, anamuona. Ise tenze tavala menso."

Anatembenuka n'kuyamba kusewera ndi loko wa pa geti. Ndinayamba kuyenda mumzere kuchokera pa geti kupita ku windo, ndikuyang'ana nkhope iliyonse, ndikuvundukula zitenje n'kugwira ana pachipumi, mumtima ndikunena mawu akale aja. Nditafika pa sitepe ndinati, "Tipempele, bati musavale menso. Aliyense ayangane wamene ali pafupi naye." Anthu anayang'anana mwamanyazi, ena n'kuseka, azibambo awiri n'kupatsana moni ngati akumana pa ukwati. Pemphero silinathe mphindi zitatu. Ndisananene amen, mayi wina anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ba Mai Mande, aba bamdala sibapema bwino." Tinawatenga mkuluyo n'kuwalowetsa oyamba. Pa eiti ndinatsegula windo. Ba Sista anadutsa, anayang'ana kawotchi kawo, ndipo pa teni ananditumizira kapu ya tiyi.

Zimene ndinkaopa zinachitikadi. Obwera osadwala aja anasiya kubwera, tomato wa pamsika anabwerera pa muyezo wake, ndipo ku chigwirizano ndinakhala miyezi ingapo pa benchi ya ndekha. Ba Sakala anatha nyengo yonse ya dzinja osandipatsa moni. Zinandiwawa, chifukwa ndinkawalemekeza. Koma m'mimba munaleka kupota. Ndinapeza kuti ndikayenda mumzere n'kuona anthu mmodzimmodzi, pofika pa windo sindinkawaopanso. Ngakhale wodzandilalatira ndinkamudziwiratu, nthawi zambiri anali uja wagona panja pa geti ndi mwana wotentha thupi.

Lolemba lina chakumapeto kwa mvula ndili m'kati ndinamva mawu aja omveka ku siteshoni. Ndinati ulaliki wabwerera. Nditasuzumira ndinaona ba Sakala akutsogolera mayi wina wa mwana kumsana, akupatula anthu ndi ndodo yawo ya ulonda. "Patukani, uyu apite kusogolo!" Anamufikitsa pa windo, n'kundiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Mulembeni musanga, atenta maningi." Kupepesana kwathu kunathera pomwepo. Kuyambira tsikulo palibe mwana ankadutsa pa geti osavundukulidwa, ndipo anagwira ntchito imeneyo ndi ukali womwe ankalalikira nawo mpaka anapuma.

Mtendere, chaka chino

Ndinakhala pa windo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo chizolowezicho chinanditsatira kunyumba, ku tchalitchi, ngakhale kumaliro. Abusa atatu ayesapo kundilangiza, onse analephera. Sindikuti kutsinzina n'kulakwa. Inu tsinzinani, pakhale mmodzi woyang'ana.

Lamlungu lapitali tinadyera pamodzi kuno ku Mtendere, Dalitso akudalitsa chakudya motalikitsa ngati ba Sakala. Nonse munali mutatsinzina. Ine ndinaona iwe Chikondi, mwana wanga womaliza, utagwira pamimba pansi pa tebulo, ndipo pambuyo pake unangotola nyama kamodzi n'kukankha mbale. Mwezi wachitatu uno chiyambire ntchito yako ya pa kauntala m'tauni, ndipo ukafunsidwa umati zonse zili bwino. Sunandiuze kanthu, koma dzanja limenelo ndikulidziwa, linali langa. N'chifukwa chake ndakhala sabata yonse ndikulemba masamba awa, ndipo ndikupatsa lero usanakwere basi. Ngati walemba kale kalata, ubwere nayo, m'Baibulo mwanga malo alimo pafupi ndi inzake.

Mawa ndi Lolemba. Ulawirire pang'ono, uwayang'ane anthu ako asanafike pa iwe, ndipo usanene zambiri. Wodzakulalatira uja ndamupempherera kale ine. Akafika, umuuze mumtima kuti wachedwa.